Makompyuta a m'nyumba akukana kupatsana mafayilo? Umu ndi mmene mungapezere pomwe pakutsekeka

Nkhani yake imakhala yofanana nthawi zambiri. Pali laputopu yatsopano ya Windows 11, pali desikitopu yakale ya Windows 7 kapena 10 momwe muli zithunzi ndi mavidiyo onse, mwinanso wina m'nyumbamo ali ndi Mac, zonse zili pa WiFi imodzi ndipo intaneti ikugwira bwinobwino paliponse, koma mukati mutsegule foda ya pa kompyuta inayo zikukanika. Pena kompyutayo siikuoneka n'komwe pa Network, pena ikuoneka koma mukadina ikuti The network path was not found ndi kanambala ka 0x80070035, penanso ikungofunsa pasiwedi mobwerezabwereza olo mwalemba yolondola.

Musanagwire chilichonse dziwani kuti mndandanda wa makompyuta womwe umaoneka pa Network mu File Explorer si wodalirika. Mndandandawo umabwera ndi dongosolo lake, pomwe mafayilo enieniwo amayenda kudzera mu SMB, njira yomwe makompyuta amalankhulirana popatsana mafayilo, ndipo ziwirizi sizidalirana. Kompyuta itha kusowa pa mndandanda koma mafoda ake n'kumatseguka popanda vuto. Nde musathere madzulo onse mukudina refresh, tiyamba ndi zenizeni, za mndandandazo tiziona kumapeto. Komanso mukapeza malangizo okuuzani kuti pangani HomeGroup, amenewo ndi akale, HomeGroup inabwera ndi Windows 7 ndipo Microsoft inaichotsa mu Windows 10 vesheni 1803 mu 2018, mu Windows 11 mulibe n'komwe.

Choyamba: kodi alidi pa netiweki imodzi?

Pa kompyuta iliyonse ya Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter, kenako lembani ipconfig. Fufuzani mzere wa IPv4 Address, muona nambala ngati 192.168.1.20. Pa Mac nambalayi ili mu System Settings pansi pa Wi-Fi mukadina Details, pa Linux lembani ip a mu terminal. Lembani manambala onsewo pa pepala chifukwa muwafuna kangapo.

Pa netiweki wamba ya m'nyumba magawo atatu oyamba amayenera kufanana, lomaliza lokha ndi limene limasiyana. Ngati ina ili 192.168.1.20 pomwe inzake ili 192.168.0.105 ndiye kuti ali pa manetiweki awiri, zomwe zimachitika kwambiri m'nyumba zomwe muli marauta awiri, ina yolumikizidwa kumbuyo kwa inzake, kapena laputopu inadzilumikiza yokha ku hotspot ya foni inu osadziwa. Ikani onse pa rauta imodzi kaye. Nambala yoyamba ndi 169.254 ikutanthauza kuti kompyutayo sinapatsidwe adiresi ndi rauta, yangodzipatsa yokha, ndiye onani kebulo kapena lumikizaninso WiFi.

Pali kamsampha kena, WiFi ya alendo ija yokhala ndi dzina lothera ndi Guest. Imeneyo anaipanga dala kuti zipangizo zizipeza intaneti koma zisamaonane, ndiye pamenepo simungagawane kanthu ngakhale mutatani. Marauta ena alinso ndi setingi ya AP Isolation kapena Client Isolation yomwe imachita chimodzimodzi pa WiFi yeniyeniyo, ikakhala yoyatsa izimitseni. VPN nayonso izimitseni pa nthawi yoyesererayi.

Tsopano mu cmd momwemo lembani ping 192.168.1.20, kuika nambala ya kompyuta inayo, kuti muone ngati ikuyankha. Werengani bwino yankho lake, osangoona mawu oti Reply from n'kusangalala. Ngati ikuti Reply from kenako nambala ya kompyuta yanu yomwe ndi mawu oti Destination host unreachable, ameneyo ndi kompyuta yanu ikudziyankha yokha kuti mnzakeyo sakupezeka. Yankho labwino limakhala ndi bytes=32 ndi time. Request timed out isakuopseni panobe, firewall ya Windows, mlonda woletsa zolowa kuchokera pa netiweki, imakana ping ngati kugawana mafayilo sikunayatsidwe, ndipo tikukuyatsa pompano.

Chachiwiri: Private, osati Public

Apa ndi pomwe anthu ambiri amakanirira. Windows ikaona netiweki ngati Public imadzibisa n'kutseka zonse, ndipo Windows 11 imakonda kuika netiweki yatsopano pa Public. Pa Windows 10 ndi 11 pitani ku Settings, Network & internet, dinani Wi-Fi kapena Ethernet, tsegulani properties za netiweki yanuyo musankhe Private. Pa Windows 7 zili mu Network and Sharing Center, dinani pomwe palembedwa Public network musankhe Home network kapena Work network. Ngati laputopu imagwiritsa ntchito WiFi tsiku lina, kebulo tsiku lina, chitani zimenezi pa zonse ziwiri chifukwa Windows imaziwerenga ngati manetiweki osiyana.

Kenako Advanced sharing settings. Pa Windows 11 yamakono zili mu Settings pansi pa Advanced network settings, pa 10 ndi 7 zili mu Control Panel, Network and Sharing Center, Change advanced sharing settings. Yatsani Network discovery ndi File and printer sharing pa gawo la Private. Password protected sharing isiyeni yoyatsa. Ndikudziwa kuti ambiri amakuuzani kuti muizimitse kuti zisavute, koma pa Windows zatsopano kuizimitsa ndi kumene kumabweretsa mavuto ena, muona pansipa.

Tsopano yesani mwachindunji. Pa kompyuta yomwe ikufuna mafayilo dinani Windows ndi R mulembe \\192.168.1.20 ndi timizere tiwiri topendekera kumbuyo tija. Ikakufunsani dzina ndi pasiwedi, zinthu zili bwino, mwafika pa kompyutayo, pitani ku gawo lachitatu. Ikaganiza nthawi yaitali n'kubweretsa 0x80070035, tsegulani PowerShell mulembe Test-NetConnection 192.168.1.20 -Port 445 chifukwa SMB imadutsa pa poti 445, khomo lake lolowera pa kompyutayo. Lamuloli lilipo kuyambira Windows 8.1, pa 7 mulibe. Ikati TcpTestSucceeded : False ndiye kuti pali chomwe chikutseka pa kompyuta inayo, ndipo kawirikawiri chimakhala antivayirasi yomwe ili ndi firewall yakeyake, yomwe siisamala kuti Windows mwaiuza kuti Private. Lowani mu antivayirasiyo muuze kuti netiwekiyi ndi yodalirika. Mutha kuizimitsa kwa mphindi ziwiri kuti mutsimikize kuti ndi iyoyo, koma muiyatsenso. Ikati True koma foda ikukanabe, vuto lili pa akaunti kapena pa vesheni ya SMB.

Chachitatu: dzina ndi pasiwedi, pomwe mitu imapweteka

Dzina ndi pasiwedi zomwe ikufunsazo ndi za akaunti ya pa kompyuta yomwe ili ndi mafayilo, osati ya yomwe mwakhalapoyo. Zikumveka zachidziwikire koma ambiri amalemba zawo. Ndipo akaunti yopanda pasiwedi siigwira, Windows imakana dala kuti akaunti yotere ilowedwe kudzera pa netiweki, ndiye desikitopu yakale ija yomwe imangoyaka n'kulowa yokha popanda kufunsa kanthu mwina vuto lake ndi lomwelo.

Pa Windows 10 ndi 11 zimasokonekeranso chifukwa cha akaunti ya Microsoft. PIN yomwe mumalemba poyatsa kompyuta si pasiwedi, imagwira pa kompyuta yokhayo basi. Pa netiweki pamafunika imelo ya akauntiyo ngati dzina ndi pasiwedi yeniyeni ya Microsoft, ndipo olo mulembe zolondola itha kukanabe ngati pa kompyutayo simunalowepo ndi pasiwediyo chiyambire, mwakhala mukulowa ndi PIN kapena chala. Zimatheka kukonza pozimitsa setingi yolola Windows Hello yokha (kulowa ndi PIN, chala kapena nkhope) mu Sign-in options kenako n'kulowa kamodzi ndi pasiwedi, koma kunena zoona ine sindiona chifukwa chovutikira choncho, komanso si nzeru kumalemba pasiwedi ya imelo yanu pa makompyuta onse a m'nyumba.

Njira yabwino ndi kupanga akaunti yapadera yogawanira mafayilo basi. Pa kompyuta yomwe ili ndi mafayilo tsegulani cmd ngati administrator mulembe net user wogawana * /add ndipo ikufunsani pasiwedi kawiri, polemba sipaoneka kanthu pa sikirini koma ikulowa. Imagwira pa mitundu yonse iwiri ya Windows, Home ndi Pro, pa 7 mpaka 11. Akauntiyi si ya administrator ndipo isakhale ya administrator. Pa kompyuta inayo ikafunsa, lembani dzina la kompyuta yamafayiloyo, kamzere kopendekera kumbuyo, kenako wogawana, mwachitsanzo DESIKI\wogawana. Dzina la kompyuta mumalipeza polemba hostname mu cmd.

Ngati siikufunsanso pasiwedi koma ikungokana, ndiye kuti inasunga yakale yolakwika. Tsegulani Credential Manager mu Control Panel, pa Windows Credentials fufutani chilichonse chokhala ndi dzina kapena nambala ya kompyuta inayo. Uthenga wa error 1219, wonena za multiple connections ndi mayina osiyana, umatha mukalemba net use * /delete mu cmd kenako n'kuyesanso, kapena kungoyambitsanso kompyuta.

Kanthu kena kachilendo komwe kanayamba ndi maapudeti a Windows 11 a kumapeto kwa Ogasiti 2025: makompyuta awiri omwe anaikidwa Windows pokopera disiki imodzi osadutsa mu Sysprep, chida cha Microsoft chokonzera Windows isanakopedwe, amakhala ndi SID yofanana, nambala yomwe Windows imadziwira kompyuta iliyonse, ndipo Windows 11 24H2 ndi zotsatira zake zimakana kuti otere alowane, pasiwedi ikhale yolondola chotani. Ngati munakopera disiki ya kompyuta ina kuika mu inzake ndipo zonse ziwiri zikugwirabe ntchito, ganizirani zimenezi.

Chachinayi: foda yokhayo

Mwalowa, mafoda akuoneka, koma mukadina ikuti You do not have permission. Apa pali zilolezo ziwiri ndipo zili ngati geti la mpanda ndi chitseko cha nyumba, kutsegula geti lokha sikukulowetsani m'nyumba. Dinani kumanja pa foda, Properties, Sharing, Advanced Sharing, chongani Share this folder, dinani Permissions muike wogawana ndi Read, kapena Change ngati mukufuna kuti azitha kuikamo ndi kufufuta. Kenako pitani pa tabu ya Security, Edit, Add, muikenso wogawana pamenepo. Ziwirizi zikasiyana Windows imatsatira yokhwima kwambiri, ndiye Full Control pa Sharing ndi Read pa Security zimathera pa Read.

Mafoda a mkati mwa C:\Users monga Desktop ndi Documents amavuta chifukwa ndi a mwini akauntiyo. Pangani foda yatsopano, mwachitsanzo C:\Zogawana kapena pa D, muziika mmenemo zomwe mukufuna ena aone. Kugawa C yonse musayerekeze.

Chachisanu: pomwe mavesheni amasemphana

SMB ili ndi mibadwo. Windows XP imadziwa SMB1 yokha. Vista inabweretsa SMB2, Windows 7 ili ndi 2.1, Windows 8 inabweretsa 3.0 mu 2012, ndipo Windows 10 ndi 11 zili ndi 3.1.1. Makompyuta awiri akakumana amagwirizana okha pa vesheni yapamwamba yomwe onse akuidziwa. Izi zikutanthauza kuti Windows 7 ndi Windows 11 zimamvana pa 2.1 popanda kuyatsa chilichonse chapadera, ndiye wina akakuuzani kuti muyatse SMB1 kuti 7 ilankhule ndi 11 akukusocheretsani, vuto lanu lili m'magawo am'mbuyomu.

SMB1 ndi yomwe vayirasi ya WannaCry inadutsiramo mu Meyi 2017 pomwe inatseka makompyuta ochuluka m'mayiko ambiri, ndipo kuyambira Windows 10 vesheni 1709 chaka chomwecho Microsoft inayamba kuichotsa. Imafunika pokhapokha mbali inayo ndi XP, kapena NAS yakale (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki), kapena rauta yakale yomwe mumabayapo hadi disiki pa USB. Mudziwa chifukwa uthenga wake umanena mosabisa kuti This share requires the obsolete SMB1 protocol. Pa NAS kapena rauta yambani mwaona ngati muli setingi yoyatsa SMB2 kapena apudeti ya firmware, pulogalamu ya mkati mwa chipangizocho, zambiri zili nayo koma zinangosiyidwa pa 1.

Ngati ndi XP ndipo mukungofuna kupulumutsa mafayilo, chitani chonchi. Gawani foda pa XP-yo. Pa kompyuta yatsopano dinani Windows ndi R, lembani optionalfeatures, tambasulani SMB 1.0/CIFS File Sharing Support muchonge Client yokha, Server ayi. Yambitsaninso kompyuta, kokani mafayilo onse kuchokera mbali yatsopanoyo, mukamaliza bwererani mukachotse chongacho. Mukatero kompyuta yatsopano ndi imene ikupita kukatenga, siikutsegulira aliyense SMB1. XP inasiya kulandira maapudeti pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndiye makompyuta amenewa si oti muziwasiya ali ndi mafoda otsegula kwa aliyense mpaka kalekale. Windows 10 nayo thandizo lake lokhazikika linatha pa 14 Okutobala 2025, koma pa nkhani ya SMB imamvanabe ndi 11 bwinobwino.

Vuto latsopano lomwe lasokoneza ambiri ndi la Windows 11 24H2. Zinthu zimayenda, apudeti inabwera, m'mawa mwake foda yomwe imatseguka popanda pasiwedi ikuti your organization's security policies block unauthenticated guest access, pomwe inu mulibe organization iliyonse, ndi laputopu yanu ya m'nyumba. Chinachitika n'chakuti pa Pro anatseka kulowa ngati guest, mlendo wopanda pasiwedi, komanso anayamba kukakamiza SMB signing, kusayina uthenga uliwonse kuti wina asausinthe m'njira, ndipo guest ndi signing siziyendera limodzi chifukwa kusayinako kumafuna pasiwedi. N'chifukwa chake ndinati Password protected sharing isiyeni yoyatsa. Mankhwala ake enieni ndi akaunti ya wogawana ija, kapena kupanga dzina ndi pasiwedi pa NAS. Ngati chipangizocho sichitha n'komwe kukhala ndi pasiwedi, mu PowerShell ya administrator mutha kulemba Set-SmbClientConfiguration -EnableInsecureGuestLogons $true kenako Set-SmbClientConfiguration -RequireSecuritySignature $false ndipo zigwira, koma dziwani kuti mwafooketsa chitetezo cha laputopuyo pa netiweki iliyonse yomwe ingapiteko, osati ya m'nyumba yokha. Pa desikitopu yomwe siichoka pamalo zingamvekeko, pa laputopu yoyenda nayo ine sindingatero.

Mac ndi Linux

Kuchokera pa Mac kupita pa Windows n'kosavuta, mu Finder dinani Command ndi K mulembe smb://192.168.1.20, sankhani Registered User muike wogawana ndi pasiwedi yake. Mbali inayo, kuti Windows ione mafoda a pa Mac, pitani ku System Settings, General, Sharing, yatsani File Sharing, lowani mu Options muyatse kugawana kudzera pa SMB, ndipo pansi pa Windows File Sharing muchonge dzina la akaunti yanu n'kulemba pasiwedi. Kachonga komalizaka n'komwe kamaiwalika, ndipo popanda iko Windows imangoti pasiwedi ndi yolakwika. Pa ma Mac akale kuposa Ventura malowa amatchedwa System Preferences.

Pa Linux ntchitoyi imagwiridwa ndi Samba, ndipo Samba imasunga mapasiwedi ake padera. Kukhala ndi akaunti pa Linux sikokwanira, lembani sudo smbpasswd -a kenako dzina la akauntiyo. Mukasintha /etc/samba/smb.conf lembani testparm kuti muone ngati simunalakwitse, ndipo ngati firewall ya ufw ndi yoyatsa lembani sudo ufw allow samba. Kuyambira Samba 4.11 ya mu 2019, yomwe inabwera ndi Ubuntu 20.04, SMB1 ndi yozimitsa kumenekonso, ndiye XP siilowa pokhapokha muike server min protocol = NT1, zomwe chenjezo lake ndi lomwe lija. Linux siioneka pa mndandanda wa Windows mpaka muike kapulogalamu ka wsdd, koma pa nambala imatseguka.

Tsopano mndandanda uja

Ngati pa nambala zikutseguka ndipo mukufunabe kuti kompyuta izioneka pa Network, pa kompyuta yomwe ikubisalayo tsegulani services.msc mupeze Function Discovery Resource Publication ndi Function Discovery Provider Host, ziikeni pa Automatic n'kuziyambitsa. Workgroup, dzina la gulu la makompyutawo, ikhale yofanana, pafupifupi Windows zonse zimabwera ndi WORKGROUP kupatula XP Home yomwe imakonda MSHOME. Olo mutero mndandandawo uzichitabe zake, lero kompyuta ikuoneka mawa palibe.

Chothandiza kwambiri n'kulowa mu rauta, kupeza DHCP reservation kapena Address Reservation n'kumangirira nambala imodzi ku kompyuta yamafayiloyo kuti isamasinthe rauta ikazima. Kenako pa makompyuta enawo dinani kumanja pa This PC, Map network drive, lembani \\192.168.1.20\Zogawana, chongani Reconnect at sign-in ndi Connect using different credentials, muike wogawana n'kuuza kuti ikumbukire. Fodayo iziwoneka ngati disiki Z. Ikaonetsa ka X kofiira yambani mwaona ngati kompyuta inayo sinagone, chifukwa ikalowa mu sleep mafoda ake amapita nayo, ndiye mu Power options italikitsireni nthawi yogona ikakhala pa magetsi.

Ngati zomwe mukufuna n'kusamutsa mafayilo kamodzi kokha, fulashi kapena hadi disiki yakunja ichita msanga kuposa zonsezi. Ifomateni pa exFAT, chifukwa FAT32 siilandira fayilo yopitirira 4 GB ndipo NTFS Mac imangoiwerenga osalembapo. XP imafuna apudeti yapadera kuti iwerenge exFAT, pamenepo gwiritsani ntchito NTFS ngati mafayilowo akupita pa Windows inzake.